Mutu 9: Ana a Matchona ku Harare ndi Njira ya Kumudzi kwa Agogo

Munthu akamwalira ku Mufakose, ku Mabvuku kapena ku Mbare, pamafika nthawi yoti mmodzi wa abanja aimirire n'kufotokoza mbiri ya malemu. Pa maliro a Mshona mbiriyo imayenda myaa. Mutupo wake, kapena kuti mfunda, ndi wakuti, kwawo ndi kwa mfumu yakuti, ndipo kawirikawiri basi imakhala itaima kale panja kudikira ulendo wa ku Murehwa kapena ku Gutu. Pa maliro a mwana wa mtchona mbiri imangofika pa mawu akuti "bambo awo anachokera ku Malawi", basi. Mukafunsa kuti ku Malawi kwake kuti, ana a mimba imodzi amayankha zosiyana. Wina ati ku Blantyre, wina ati ku Dedza, wina angokumbukira kuti mkuluyo akaledzera ankatchulatchula phiri linalake. Thupi limakaikidwa m'manda a m'tauni, ku Warren Hills kapena ku Granville kumene anthu amakutcha ku Mbudzi, ndipo funso lija limatsalira adzukulu.

Anthu amenewa si alendo a dzulo. Azungu anakhazikitsa Salisbury mu 1890, njanji yochokera ku Beira inafika mu 1899, ndipo tauniyo inkafuna manja. Ashona ambiri a m'midzi yozungulira anali ndi minda ndi ng'ombe zawo. Ankagulitsa chimanga ndi ndiwo m'tauni, kugwirako ganyu miyezi ingapo, n'kubwerera kukalima. Ntchito zokhalitsa, monga kuphika m'nyumba za azungu, kusoka, kumanga, kukonza misewu ndi kunyamula katundu pa siteshoni, zinagwera anthu ochokera kutsidya la Zambezi: ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Kwa zaka makumi angapo zoyambirira iwowa ndiwo anali ochuluka pakati pa antchito achikuda a mu Salisbury. Lokeshoni ya Harari, imene inatsegulidwa mu 1907 ndipo lero ndi Mbare, inkamveka Chinyanja, Chiyao, Chitonga ndi Chisena tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake ku Malawi munthu ankati "ndikupita ku Halale" kale kwambiri mzinda wonsewo usanatchedwe Harare mu 1982. Tikamakamba za mabanja oyamba a m'makomboni a Harare, ambiri mwa iwo ndi athu.

Chinawachotsa kwawo ndi chodziwika: msonkho wa nyumba wofunika kulipira ndi ndalama, malipiro ochepa kwambiri a ku Nyasaland, ndi thangata m'minda ya azungu ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu. Komiti imene boma la Nyasaland linaika mu 1935, yotsogozedwa ndi Travers Lacey, inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Ena ankabwerako ndi njinga, bulangete ndi makina osokera. Ena sanabwerenso, ndipo kumudzi anawatcha matchona.

Agogo anafika bwanji?

Funso limeneli amaliiwala ambiri, koma limatsegula zitseko. Oyambirira ankayenda pansi. Wa ku Dedza kapena ku Ntcheu ankadutsa ku Angonia, kuwoloka Zambezi pa bwato cha ku Tete, n'kulowera ku Mtoko. Wa ku Kasungu kapena ku Mzimba ankatha kudzera ku Fort Jameson n'kukawoloka pa Feira. Ulendo unkatenga masabata, ndipo ambiri ankaima pa famu kapena pa mgodi woyamba kuti apeze chakudya ndi mphamvu zopitirira. Kamuzu Banda anayenda ulendo woterewu cha m'ma 1915, n'kugwira ntchito pa chipatala cha ku Hartley, komwe lero ndi Chegutu, asanapitirire ku Joni. Clements Kadalie wa ku Chifira anagwiranso ntchito ku Southern Rhodesia asanakayambitse bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919.

Ena ankatengedwa ndi mabungwe olemba antchito. Kuyambira 1903 kunali Rhodesia Native Labour Bureau, imene anthu ankaiopa poti inali chibalo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linaika malole onyamula antchito osalipiritsa, amene anatchuka ndi dzina lakuti Ulere. Mu 1946 kunabwera Rhodesia Native Labour Supply Commission, imene Amalawi ankaitcha Mthandizi. Wopita yekha, osasaina ndi aliyense, ankati wapita pa selefu. Ngati m'banja mwanu mumamveka mawu akuti "anabwera pa Mthandizi", dziwani kuti agogowo anafika 1946 itadutsa, anali ndi kontirakiti, ndipo mosakayikira anayambira pa famu kapena pa mgodi asanalowe m'tauni. Ngati anabwera pa selefu, funsani kuti anatsatira ndani, chifukwa palibe amene ankangodzuka n'kulunjika ku Halale popanda mkulu wake, mlamu wake kapena mnzake wa pamudzi amene anatsogolako. Munthu anatsatidwayo nthawi zambiri ali ndi zidzukulu mu mzere wachitatu wa nyumba kuchokera panu, ndipo mwina iwo anasunga dzina la mudzi.

Ngakhale komboni imene banja linapatsidwa nyumba imanena kanthu. Rugare inamangidwira antchito a njanji. Ku Mabvuku, ku Tafara ndi ku Dzivarasekwa kunadzaza ogwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa ya azungu. Mahositelo a ku Mbare, monga Matapi, Nenyere ndi Matererini, anali a amuna okhaokha. Lamulo la 1946 lokhudza malo ogona a anthu akuda m'matauni linkafuna kuti wopempha nyumba ya banja aonetse kuti ukwati wake ndi wolembetsa. Choncho banja limene linalandira nyumba ku Highfield kapena ku Mufakose nthawi ya atsamunda liyenera kuti linali ndi setifiketi ya ukwati, ndipo pa mapepala otero kalaliki ankalemba kumene mwamuna anachokera.

Dzina limanamiza

Wofufuza aliyense amayambira pa dzina, ndipo pomwepo ndi pamene ambiri amasokera. Kalaliki wa pa ofesi ya mapasi ankalemba zimene wamva. Mshona alibe "l" m'chilankhulo chake, choncho dzina lililonse lokhala ndi "l" linkatuluka ndi "r". Blantyre weniweniyo anasanduka Bhurandaya, ndipo Amalawi onse, kaya ndi a ku Nkhata Bay kaya a ku Nsanje, anakhala Mabhurandaya. Apa ndi pamene pachokera yankho lija lakuti agogo anali a ku Blantyre. Kwa ambiri Blantyre inali tauni yokhayo ya ku Nyasaland imene anansi awo anaimvapo, ndipo kutchula iyo kunali kufupikitsa nkhani.

Bwana naye ankapereka maina: Jim, Sikisipensi, Supuni, Foloko. Dzina la kukhitchini likalowa pa chitupa, ana ankalitenga ngati dzina la bambo pokalembetsa sukulu, ndipo lero ndilo lili pa mapasipoti a zidzukulu. Panalinso kusinthana zitupa. Munthu wothawa bwana wankhanza asanamalize kontirakiti ankagula kapena kubwereka chitupa cha mnzake wobwerera kumudzi, ngakhale cha womwalira, n'kukhala ndi dzina la mwiniwakeyo moyo wake wonse. Charles van Onselen analemba za machenjera amenewa m'buku lake la 1976 lonena za antchito a m'migodi ya ku Southern Rhodesia. Achewa ndi Angoni a ku Angonia ndi ku Macanga, pothawa ulamuliro wa Apwitikizi, ankatha kunena kuti ndi a ku Dedza kapena ku Ntcheu, ndipo palibe kalaliki akanawatsutsa poti chilankhulo n'chimodzi. Pambuyo pake, makamaka ufulu utabwera mu 1980, ena anatenga dzina ndi mutupo wa banja la mkazi wawo wachishona, n'kutchula mfumu ya kwa apongozi ngati yawo, kuti ana apeze mapepala mosavuta. Sitingawadzudzule. Koma mdzukulu wofufuza adziwe kuti dzina la pa chitupa ndi poyambira chabe.

Mfunda ndi wokhulupirika kuposa dzina, koma nawo sulozera mudzi. A Phiri, a Banda, a Mwale, a Mbewe ndi a Nkhoma ali ponseponse kuyambira ku Katete mpaka ku Nkhotakota ndi ku Furancungo. Komabe umathandiza kupatula. Maseko, Ngozo kapena Jere akukutengerani kwa Angoni. Agogo aakazi amene ankaitanidwa kuti Nangozo kapena Najere akukuuzani zambiri kuposa setifiketi yawo ya imfa. Agogo amene ankatchedwa Che Saidi kapena Che Amidu, osadya nkhumba, osala mwezi wa Ramadan, afuneni ku Mangochi, ku Machinga, ku Zomba kapena ku Salima, kwa mafumu monga Makanjira, Mponda, Jalasi ndi Kawinga.

Za m'thiranki

M'nyumba zambiri zakale za ku Highfield ndi ku Mufakose mukadali thiranki yachitsulo pansi pa bedi kapena pamwamba pa wodiropu. Muli zovala za kutchalitchi, zithunzi za pa situdiyo, mabuku a positi ofesi, ndipo mwamwayi pamapezeka pepala lopindidwa kanayi, lofiirira m'mphepete, lokhala ndi chidindo cha chala. Chimenecho ndi chitupa. Musachitambasule mwachangu, chimathyoka m'mizere yopindira. Chijambuleni ndi foni musanachipereke kwa wina aliyense. Chofunika kwambiri pa pepalalo ndi mizere yonena za mudzi, mfumu ndi boma, poti ku Malawi mpaka lero munthu amadziwika ndi zitatuzo: mudzi wakuti, Mfumu Yaikulu yakuti, boma lakuti.

Maina a maboma anasintha, ndipo achinyamata ambiri amagwa mphwayi chifukwa chosawapeza pa mapu a pa foni. Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, Kota Kota ndi Nkhotakota, Cholo ndi Thyolo, Mlanje ndi Mulanje, Ncheu ndi Ntcheu. Mombera ndi Mzimba, West Nyasa ndi Nkhata Bay. Fort Jameson ndi Chipata ku Zambia, Vila Coutinho ndi Ulongwe ku Mozambique. Maina a mafumu akuluakulu sasintha kawirikawiri, chifukwa wolowa ufumu amalowanso dzina. Kachindamoto akadalipo ku Mtakataka, Gomani ku Ntcheu, Kaphuka ku Dedza, Mazengera ku Lilongwe, Mwase ku Kasungu. Midzi ing'onoing'ono ndiyo imagawikana, mudzi umodzi wa 1940 n'kubala midzi isanu kapena khumi, koma akuluakulu a dera amadziwa kuti tsinde lake ndi uti.

Envulopu yakale ndi ya mtengo wapatali kuposa kalata ili m'kati mwake. Kumudzi kunalibe keyala, choncho makalata ankadzera pa sukulu ya mishoni, pa sitolo ya mmwenye kapena kwa DC. Chidindo cha positi ofesi ndi dzina la sukulu zimakufikitsani pamtunda woyenda pansi kuchokera pakhomo penipeni. Makalata ambiri otere amathera cha m'ma 1970. Mozambique inatseka malire ake ndi Rhodesia mu March 1976, nkhondo ya ufulu inali itakula, ndipo nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique inachititsa msewu wa ku Tete kukhala woopsa mpaka 1992, magalimoto n'kumayenda mu mdipiti woperekezedwa ndi asilikali. Zaka zimenezo ndi zimene makolo a matchona ambiri anamwalira kumudzi ana awo osamva.

Kunja kwa nyumba kuli malo osungira mbiri. National Archives of Zimbabwe, imene inakhazikitsidwa mu 1935, ili m'mbali mwa msewu wa Borrowdale ku Harare. Ya ku Malawi ili ku Zomba kuyambira 1947. Musayembekeze kukapeza fayilo yolembedwa dzina la agogo anu pachikuto. Munthu wamba amatulukira m'mapepala a boma akakhala kuti anazengedwa mlandu, anavulala pa ntchito, kapena anamwalira n'kusiya kandalama kofunika kutumiza kwa abale. Amene anakhala moyo wachete, n'kumalipira lendi pa nthawi yake, ndiye wovuta kumupeza. Amene akufuna kumvetsa nthawi yonseyo awerenge buku la Zoë Groves la 2020 lonena za Amalawi opita ku Zimbabwe pakati pa 1900 ndi 1965, komanso zolemba za Anusa Daimon.

Mitundu ina ili ndi mwayi pa nkhani ya mapepala. Mabanja olankhula Chisipanishi a ku New Mexico, ku America, amatsata mzere wawo mpaka kwa anthu amene anafika ndi Juan de Oñate mu 1598, chifukwa amuna a pa ulendowo analembedwa maina pamodzi ndi maina a abambo awo ndi kumene anabadwira, ndipo pambuyo pake ansembe ankafunsa mboni za ubale asanadalitse ukwati uliwonse. Wansembe wina, Angélico Chávez, anasonkhanitsa zimenezi m'buku la 1954 limene anthu akugwiritsabe ntchito. Iwo akutsata zaka zoposa 400. Mdzukulu wa ku Mabvuku akuvutika kutsata zaka 80 zokha, chifukwa amene ankalemba agogo ake ankafuna kudziwa za msonkho ndi ntchito, osati za banja.

Mudzi umakumbukira kudzera kwa akazi

Pali chinthu chimodzi chimene chimalepheretsa ofufuza ambiri ngakhale atapeza dzina la mudzi, ndipo sichilembedwa pa pepala lililonse. Ku Zimbabwe mwana ndi wa bambo. Amatenga mutupo wa bambo, kwawo ndi kwa bambo, malowolo akaperekedwa nkhani yatha. Mdzukulu wokulira ku Harare amaganiza choncho mosazindikira, ndipo akafika ku Dedza amafunsa za abambo a agogo ake. Koma kwa Achewa, Ayao, Amang'anja ndi Alomwe mwana ndi wa mbumba ya mayi. Abambo a agogowo anali mkamwini m'mudzimo, munthu wobwera, ndipo mwina ukwati utatha anabwerera kwawo zaka 90 zapitazo. Palibe amene akuwakumbukira. Amene mudzi ukuwakumbukira ndi amayi a agogowo, alongo awo, ndi ana a alongowo, chifukwa iwo ndiwo anatsala pa malo, ndipo minda ndi manda ndi zawo.

Choncho funso lofunika kufunsa nkhalamba za ku Harare zikadali moyo ndi ili: kodi agogo ankatchula mlongo wawo kuti ndani? Amayi awo anali Na-chiyani? Amalume awo, mwini mbumba, anali ndani? Mtchona akatumiza ndalama kapena nsalu, nthawi zambiri ankatumiza kwa mlongo wake ndi ana a mlongoyo, poti iye ndiye anali nkhoswe yawo. Dzina la pa risiti ya positi oda limene ana ake ku Harare ankaliyesa la mkazi wina wamseri likhoza kukhala la mlongo wake. Mukafika pamudzi n'kunena kuti ndinu mdzukulu wa Jim Phiri, anthu angokuyang'anani. Mukanena kuti ndinu mdzukulu wa mchimwene wa Naphiri wakuti, uja anapita ku Halale chaka cha njala osabwerako, mudzaona gogo wina akuika mtondo pansi. Njala ya 1949 ndi chizindikiro chabwino cha nthawi, poti akuluakulu ambiri amawerengera zaka kuchokera pamenepo.

Mfunda nawo umasokoneza pa chifukwa chomwechi. Kale Achewa ankatenga mfunda wa mayi, ndipo m'madera ambiri anayamba kutenga wa bambo Angoni ndi amishoni atabwera. Kamuzu anali Banda, koma amalume ake, amene anali nawo limodzi ku Hartley, anali Hanock Msokera Phiri. Wofufuza amene angafune a Banda okhaokha adzadutsa pakhomo pa abale ake enieni osaima. Kwa Angoni a ku Mzimba, Atumbuka, Angonde ndi Asena zinthu n'zosiyana, kumeneko mzere wa bambo ndiwo umagwira ntchito, ndipo chizolowezi cha ku Zimbabwe chimathandiza.

Kusiyana kumeneku kunasiya ana ambiri pakati. Bambo Mchewa, mayi Mshona: kwa amayi akuti mwana ndi wa bambo, apite ku Malawi, kwa abambo akuti mwana ndi wa kuchikazi, kwawo ndi ku Zimbabwe. Pulezidenti Robert Mugabe, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, atanyoza anthu a ku Mbare kuti alibe mutupo, anabaya pa chilonda chimenechi. Mawuwo anali abodza, chifukwa Phiri, Banda ndi Mwale ndi mifunda yakale kwambiri kuposa tauni ya Harare, koma anapweteka poti ana ambiri sankatha kutchula mudzi woti auloze.

Mpingo, sosaite ndi dambwe

Kumene boma silinalembe, matchona ankalembana okha. Mu 1912 mbusa T.C.B. Vlok anachoka ku Nyasaland kukatumikira akhristu a mishoni ya Dutch amene ankagwira ntchito ku Salisbury, ndipo ntchito imeneyo ndi imene inabala Sinodi ya Harare ya CCAP, imene inalowa m'chigwirizano cha CCAP mu 1965. Mkhristu wosamuka ankayenera kunyamula kalata ya mpingo wakwawo, ndipo mlembi wa mpingo wolandira ankalemba kumene kalatayo yachokera. Mvera, Kongwe, Nkhoma, Mlanda, Mphunzi: dzina limodzi lotere m'kaundula wa mpingo wa ku Mbare kapena ku Highfield likuchepetsa dziko lonse kukhala midzi yowerengeka. Akatolika ali ndi mwayi woposa, chifukwa wofuna ukwati wa mu tchalitchi amafunsidwa kalata ya ubatizo, ndipo mabuku a ubatizo a ku Mua, ku Bembeke, ku Likuni, ku Nzama ndi ku Kachebere amatchula bambo, mayi ndi mudzi. Asilamu ankadalira kwambiri mtima wa mashehe ndi akuluakulu a pa mzikiti, ndipo mpaka pano iwowo amadziwa kuti banja lakuti ndi la kwa mfumu yakuti.

Mabungwe oikana maliro ndi chuma china. Anakula mliri wa chimfine wa 1918 utapha antchito ambiri m'makomboni ndi m'migodi, anthu n'kumakwiriridwa ngati opanda abale. Ankakhazikitsidwa motsata kochokera, monga Port Herald Burial Society ya anthu a ku Nsanje. Sosaite imene agogo ankasonkhako ndalama mwezi ndi mwezi ndi umboni wa boma lakwawo, ndipo mlembi wake amakhala ndi buku lakuda lachikuto cholimba limene lapyola m'manja mwa alembi angapo.

Gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, amavinidwa ku Mabvuku, ku Tafara, ku Mufakose, ku Dzivarasekwa ndi ku Epworth, makamaka pa maliro ndi pa ziliza. Za kudambwe sizikambidwa ndi wosameta, ndipo buku lino silikulowako. Koma si chinsinsi kuti akuluakulu a gule amadziwa anzawo amene anavinidwira kumudzi asanabwere, ndi kuti kayimbidwe ndi kavinidwe ka ku Dedza sikafanana ndi ka ku Kasungu. Ngati agogo anali a gule, pitani mwaulemu kwa akuluakuluwo, mufunse za munthu, osati za mwambo. UNESCO inazindikira gule wamkulu mu 2005, koma m'makomboni a Harare anthu ambiri akumuonabe ngati chinthu choopsa, ndipo mabanja ena opemphera anabisira ana awo kuti agogo ankavina. Kubisa kotereku kwatayitsa mbiri yambiri kuposa chiswe.

Za kuyezetsa DNA, zimene makampani a kunja amatsatsa pa intaneti, zingakuuzeni kuti ndinu wa kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, zomwe mukudziwa kale. Sizingasiyanitse Mchewa wa ku Mchinji ndi wa ku Chadiza. Ndalama imeneyo ikwanira tikiti ya basi.

Chifukwa chake nkhaniyi si yongosangalatsa

Kwa anthu ambiri kufufuza makolo ndi chidwi chabe. Kwa ana a matchona ndi nkhani ya sukulu, ntchito ndi voti. Zitupa zawo zambiri zinadindidwa mawu akuti ALIEN pamene za anzawo zinalembedwa CIT, ngakhale onse anabadwira chipatala chimodzi. Lamulo la unzika la 2001 linapereka miyezi isanu ndi umodzi kuti aliyense amene angakhale ndi unzika wa dziko lina aukane, ndipo ambiri amene sanapondepo ku Malawi anapezeka kuti achotsedwa m'kaundula wa voti pa chisankho cha March 2002. Kulanda mafamu kuyambira 2000 kunathamangitsa antchito ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique, n'kudzaunjikana ku Epworth ndi m'misasa ya m'mphepete mwa mzinda. Mu May 2005 kunabwera Murambatsvina, ntchito yogwetsa nyumba m'matauni. Nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena pogwirira ntchito. Ogwetseredwa nyumba ankauzidwa kuti abwerere kumudzi, ndipo mathiranki ambiri aja anaphwanyikira pansi pa zipupa kapena kunyowa ndi mame pa bwalo.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zina. Gawo 43 likuti munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowa asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake limodzi kapena onse awiri anali nzika za dziko la SADC, ndipo iye ankakhala mu Zimbabwe, ndi nzika mwa kubadwa. Chichewa chinaikidwanso pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma lamulo limafuna umboni, ndipo mayi wopanda chitupa sangatengere mwana wake setifiketi ya kubadwa mosavuta, mwanayo nayenso n'kudzabereka wopanda pepala. Amnesty International inatulutsa lipoti mu 2021 losonyeza kuti vutoli likadalipo. Ku Malawi, Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa maiko awiri mu 2018, ndipo wofuna kutsimikiza kuti kholo lake linali Mmalawi amabwereranso pa zitatu zija, mudzi, mfumu ndi boma. Zonsezi zikuchitikira anthu amene ana awo akweza dzina la Zimbabwe. Moses Chunga, amene ankasewera mpira mu timu ya Dynamos, ndi woimba sungura Alick Macheso, amene amaponyamo Chichewa m'nyimbo zake, ndi a magazi a ku Malawi.

Ulendo wokha si wautali. Basi yochokera ku Harare imadutsa ku Mutoko, kulowa Mozambique pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa mlatho ku Tete, n'kulowa Malawi pa Mwanza, mtunda wa makilomita pafupifupi 600 kukafika ku Blantyre. Wa ku chigawo chapakati akhoza kupatukira njira ya ku Angonia n'kutulukira ku Dedza, pafupifupi momwe agogo anadzera pa ulendo wopita. Musalowe m'mudzi n'kuyamba kugogoda m'makomo. Yambirani kwa gulupu kapena kwa nyakwawa, mutanyamula kangachepe monga shuga, mchere ndi sopo, ndipo mukhale ndi munthu wodziwa kulankhula pa bwalo ngati Chichewa chanu chasakanikirana ndi Chishona. Tengani chithunzi cha agogo ali mnyamata, osati cha ukalamba wawo, chifukwa amene angawazindikire anawaona komaliza asanamere imvi.

Konzekeraninso kumva zimene simunayembekeze. Matchona ambiri anasiya mkazi ndi ana kumudzi, ndipo mbali imeneyo ili ndi nkhani yakeyake, ya mayi amene anadikira zaka zambiri, kulipira yekha msonkho, mpaka ankhoswe anamumasula. Mabanja ena anachita kumeta maliro a munthu amene panthawiyo anali moyo, akuphika ku Avondale mu Harare. Ndipo malo ndi ochepa ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Thyolo, choncho mlendo wochokera ku Halale wofunsa za agogo ake amayamba wakayikiridwa kuti wabwerera munda. Pa mwambo wa chikamwini mdzukulu wobadwa kwa mwana wamwamuna alibe gawo pa minda ya mbumba, ndipo ndi bwino kunena msanga pamaso pa mfumu kuti mukudziwa zimenezi, kuti mwabwera kudzaona manda ndi kudziwa abale. Zikamveka choncho, mfumu imatuma mwana kukaitana mayi wamkulu wa bere limene agogo anu anabadwira, ndipo mafunso anu muwafunse iyeyo.